Kalata kwa Mwana Wopita Kunyanja: Za Mantha a Madzi Akuya

Kwa Kaduya, Phalombe

Mwana wanga,

Mantha a madzi akuya amagwira pafupifupi aliyense amene akuphunzira kubira pansi pa nyanja atabereka silinda ya mpweya. Amagwira ngakhale amene anakulira pagombe, koma amakula kwambiri mwa munthu wakumtunda amene sanaonepo madzi osaoneka pansi pake. Nthawi yake imadziwika. Bwato laima pakati, gombe latsala kutali, wophunzira waviika nkhope n'kuyang'ana kunsi kwa mapazi ake, ndipo m'malo mwa mchenga kapena mwala akungoona kubiriwira kumene kukunka kuda. Mtima umagunda, kukhosi kumauma, ndipo mpweya wa m'silinda umakhala ngati sukukwana. Amenewa si matenda, ndipo sasonyeza kuti munthuyo ntchito ya udaiva siyake. Vuto lili pa zimene manthawo amalamula thupi kuti lichite, chifukwa zimene zimapulumutsa munthu pamtunda ndi zomwezo zimene zimamupha pansi pa madzi.

Mwana wa kwa Kaduya amakula akudziwa madzi a mitundu iwiri. Oyamba ndi a nyanja ya Chilwa, kumene mtsinje wa Phalombe umakathira. Chilwa ndi nyanja yamatope yopanda mtsinje wotulutsa madzi, ndipo malo ake ambiri sapitirira mamita 2 kuya. Asodzi a matemba, makumba ndi milamba amayendetsa mabwato pokankha pansi ndi nsungwi, ena n'kumagona pa zimbowera pakati pa madzi. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 anthu anayendanso ndi miyendo pamene pankadutsa mabwato. Madzi achiwiri ndi a Napolo. Mu Malichi 1991 madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabweretsanso maliro otere m'boma lomweli. Chilwa amaphunzitsa mwana kuti pansi pali pafupi, akatopa aponda. Napolo amamuphunzitsa kuti madzi akaopsa, liwiro ndilo moyo, ndipo kothawira n'kumtunda. Maphunziro onse awiri ndi oona kuno kumudzi. Pa nyanja ya Malawi loyamba siligwira ntchito, ndipo lachiwiri likatsatidwa pansi pa madzi limavulaza.

Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo chakumpoto kuya kwake kumafika mamita pafupifupi 700. Ku Nkhata Bay ndi kumpoto kwake mapiri amalowa m'madzi motsetsereka kwambiri, kotero kuti madzi akuya amayambira pafupi ndi gombe. Kumwera, monga ku Cape Maclear m'paki ya Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, madzi ndi osaya poyerekeza ndi kumpoto, ngakhale kuti m'mbali mwa zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo miyala imatsika mpaka kubisika. Nambala ya 700 ndi imene imasowetsa anthu tulo, komatu daiva alibe nayo ntchito. Wongomaliza kumene maphunziro oyamba saloledwa kupitirira mamita 18. Wa maphunziro achiwiri amafika mamita 30, ndipo malire a onse obira ndi zida wamba ndi mamita 40. Kaya kunsi kwa munthu kwatsala mamita 5 kaya 500, madzi amene akumupanikiza ndi okhawo ali pamwamba pake, ndipo ulendo wake wobwerera ku mpweya wakunja ndi wofanana. Mumdima wa kunsiko mulibenso chilombo. Kupyola mamita 250 madzi a nyanjayi alibe okosijeni, choncho ngakhale nsomba sizikhalako. Moyo wambiri uli pamwamba pomwepa, m'miyala mmene mbuna zamitundumitundu zimadya ndere, ndi m'mapanga mmene kampango amalondera ana ake.

Komabe ophunzira ambiri amanena kuti pansi pamakoka, ndipo sanama. Suti ya labala imene daiva amavala ili ndi timpweya m'kati mwake, ndipo jekete lake limapopedwa mpweya kuti aziyandama. Akamatsika, madzi amafinya mpweya umenewo, munthu amalemera, ndipo akalemera amatsika mofulumira, mpweya n'kufinyikiranso. Wosadziwa amamva ngati chinachake chamugwira mwendo. Mankhwala ake ndi batani la pa paipi ya jekete: kupopamo mpweya pang'onopang'ono potsika, mpaka thupi litaima pakati pa madzi, osatitimira komanso osakwera. Amene waphunzira kuima chotere, n'kuona kuti akakoka mpweya amakwera pang'ono ndipo akautulutsa amatsika pang'ono, wachotsa gawo lalikulu la mantha ake, chifukwa wadzionera yekha kuti phompho lilibe mphamvu pa iye. N'chifukwa chake luso limeneli liyenera kupatsidwa nthawi yochuluka kuposa ena onse, ngakhale limaoneka losasangalatsa. Lamba wa mtovu, amene daiva amamanga m'chiuno kuti athe kutsika, asalemerenso kupyola muyeso. Madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere, sanyamula munthu ngati a ku Indian Ocean, ndiye mtovu wofunika pa nyanja yathu ndi wocheperako.

Mantha akafika pachimake amalamula zinthu ziwiri, kusunga mpweya m'chifuwa ndi kuthamangira pamwamba. Kuti munthu amvetse kuipa kwake ayenera kudziwa mmene madzi amapanikizira mpweya, zimene Robert Boyle anafotokoza mu 1662. Pa mamita 10 aliwonse madzi amawonjezera mphamvu yofanana ndi ya mpweya wonse wa mlengalenga. Choncho pa mamita 10 mpweya umafinyika n'kutsala theka la malo amene unkatenga pamwamba, ndipo pa mamita 30 umatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Pokwera zimachitika mobwerera. Munthu amene wadzaza mapapo pa mamita 10, n'kutseka kukhosi, n'kukwera, mpweya wa m'chifuwa mwake umafuna malo owirikiza kawiri, ndipo mapapo sangatanuke chotero. Amang'ambika, ndipo thovu la mpweya likhoza kulowa m'magazi n'kukatseka mitsempha ya mu ubongo. Zimenezi sizidikira kuya kwambiri ayi, zimatheka ngakhale pokwera mita imodzi kapena awiri mapapo ali odzaza, ndipo kusintha kwakukulu kumachitika m'mamita 10 omalizira, pamene munthu akuona kuwala n'kumaganiza kuti wapulumuka. Asodzi amachidziwa chinthu chimenechi pa nsomba. Yakuya ikavuulidwa mwachangu imatuluka mimba itafufuma, nthawi zina chifu chili m'kamwa. Madaiva a ku Malawi amene akhala akugwira nsomba zokongola zogulitsa kunja, monga a kampani imene Stuart Grant anakhazikitsa ku Kambiri Point ku Salima, amakweza nsomba zakuya pang'onopang'ono pa chifukwa chomwecho. Pa malamulo onse a udaiva, loyamba ndi lakuti munthu asasunge mpweya m'chifuwa nthawi ina iliyonse. Ngakhale regulator, chipangizo chopumira, itachoka pakamwa, azitulutsa timathovu mpaka ataibwezera.

Kubanika kumene wamantha amamva kuli ndi chiyambi chake chimene ambiri sachiganizira. Thupi silikakamiza munthu kupuma chifukwa chakuti okosijeni wachepa, koma chifukwa chakuti mpweya woipa wa carbon dioxide wachuluka m'magazi. Munthu wamantha amapuma mwawefuwefu, kakang'onokakang'ono, ndipo mpweya woterewu umangoyenda m'kholingo ndi m'regulator osafika m'kati mwa mapapo. Woipa uja sutuluka. Pa nthawi yomweyo miyendo ikupalasa mwamphamvu n'kumapanga wina wochuluka, ndipo mpweya wa pansi pa madzi ndi wolemera, umafuna mphamvu poukoka. Mpweya woipa ukachuluka umawonjezera nthumanzi, nthumanzi n'kuwonjezera wefuwefu. Pamenepa munthu amakhulupirira kuti regulator yawonongeka, ndipo ena amailavula, chonsecho geji ikusonyeza kuti silinda ndi yodzaza. Njira yotulukira ili potulutsa mpweya, osati poukoka. Miyendo iime, dzanja ligwire chingwe, mwala kapena mkono wa mnzake, ndipo mpweya utuluke wautali mpaka m'chifuwa mutapepuka, kenako ulowe mosathamanga. Kupuma kotere kukachitika kangapo, kubanika kumatha kokha. Aphunzitsi a udaiva amaphunzitsa ndondomeko ya zinthu zinayi zotsatizana, kuima, kupuma, kuganiza, kenako kuchita, ndipo wophunzira amene wasokoneza ndondomekoyi nthawi zambiri amakhala wayambira pomalizira.

Geji ndi mboni imene siichita mantha. Silinda imadzazidwa mpaka geji itasonyeza mabaa 200, ndipo daiva amakonza ulendo wake kuti avuuke atatsala ndi 50. Mpweya umatha mofulumira kawiri pa mamita 10 ndi kanayi pa mamita 30 poyerekeza ndi pamwamba, ndipo wamantha amaumaliza msanga kuposa wodekha. Kuyang'ana geji pafupipafupi kumathandiza pawiri: kumateteza kuti mpweya usathe mwadzidzidzi, komanso kumapatsa maganizo chinthu chenicheni chogwira pamene akufuna kubalalika.

Zinthu zimene zimautsa mantha pansi pa madzi si zambiri, ndipo zonse zimaphunzirika. Chofala kwambiri ndi madzi olowa m'masiki. Akakhudza mphuno, thupi limaganiza kuti likumira, ngakhale kuti kamwa likulandira mpweya bwinobwino. Amachotsedwa podina masiki pamphumi, kuyang'ana m'mwamba pang'ono ndi kutulutsa mpweya m'mphuno. Wophunzira wanzeru amabwereza zimenezi pamadzi ofika m'chiuno mpaka zitamutopetsa, ndipo amazolowera kupuma pakamwa masiki atavula. Chachiwiri ndi makutu. Madzi amakankha nembanemba ya m'khutu kuyambira mamita oyambirira, ndipo daiva amatsina mphuno n'kuuzira mofatsa, kapena kumeza malovu, ululu usanayambe. Khutu likakana, akwere pang'ono ayesenso, osakakamiza. Pokwera, khutu limodzi likatseguka lisanatseguke linzake, munthu amamva chizungulire champhamvu, koma chimatha posachedwa akaima n'kugwira chinthu.

Chachitatu ndi chija cha pakati pa nyanja, pamene pansi sipaoneka, pamwamba sipaoneka bwino, ndipo mbali zonse ndi zofanana. Maso akasowa pogwira, mutu umasokonezeka, munthu osadziwa kumwamba ndi kunsi. Thovu silisokera, limapita kumwamba nthawi zonse, ndipo madzi otsala m'masiki amakhala chakunsi. Koma chabwino koposa n'kusalola maso kuyendayenda m'kubiriwirako. Wophunzira atsike atagwira chingwe cha nangula, mapazi ali kunsi, akuyang'ana chingwecho, geji, kapena maso a mnzake. Posambira m'mbali mwa thanthwe lotsetsereka, nkhope iloze kuthanthwe, phompho likhale kumsana. Pathanthwepo pali zambiri zoona. Mbuna yaikazi imafungatira mazira ndi ana ake m'kamwa, ndipo daiva wodekha amaiona ikuwalavula kuti adye, n'kuwawolanso chinthu chikayandikira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu amene chidwi chake chili pa kansomba kotere amapeza kuti kupuma kwake kwakhazikika kokha. Adziwenso kuti maso ndi makutu amanamiza m'madzi. Zinthu zimaoneka zazikulu ndi zapafupi kuposa mmene zilili, chofiira chimazilala pa mamita ochepa chabe, ndipo phokoso la injini ya bwato limamveka ngati likuchokera paliponse.

Kuzizira nako kumakuza mantha. Madzi a pamwamba pa nyanjayi ndi ofunda, pakati pa madigiri 23 ndi 29 malinga ndi nyengo, komabe madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mphepo, ndipo wonjenjemera saganiza bwino. Pa mamita 30 pamabwera china, kuledzera kwa nayitrojeni. Ena amasangalala mopusa, ena amagwidwa ndi nkhawa yopanda chifukwa. Kumatha munthu akakwera mamita ochepa. Wongoyamba kumene alibe chifukwa chofikira kumeneko.

Mantha sathetsedwa podziponya pakuya kuti zithe lero lomwe. Amachepa munthu akamakumana nawo pang'onopang'ono, aliyense pa msinkhu umene angaupirire, ndipo maphunziro a udaiva anakonzedwa motero. M'ndondomeko ya bungwe la PADI, limene linayamba mu 1966 ndipo satifiketi yake imadziwika m'maiko ambiri, wophunzira ayenera kusonyeza kuti angathe kusambira mamita 200 ndi kuyandama mphindi 10. Amachitanso maphunziro asanu pamadzi osaya ndi odekha, asanabire kanayi panyanja yeniyeni. Masukulu otere alipo ku Nkhata Bay, kumene kuli Aqua Africa, ku Kande, ku Cape Maclear ndi ku Likoma. Mwana amene anaphunzira kusambira m'mayiwe a mtsinje asadzinamize kuti mamita 200 ndi masewera. Ndi bwino athe masabata akusambira m'mbali mwa gombe ndi masiki ndi kapaipi kopumira, kuzolowera kuona pansi pakutsika, asanabereke silinda. Mphunzitsi wabwino amazindikirika posathamangitsa munthu. Amene amaseka wophunzira wamantha, kapena kumukokera pansi kuti alimbe mtima, asiyidwe ngakhale atatchuka bwanji.

Pali chinthu china chimene chimavulaza achinyamata kuposa madzi, ndicho manyazi. Mwana amene wachoka kumudzi ndi ndalama za nandolo ndi mpendadzuwa, atatsanzika abale onse, amamva kuti alibe ufulu wonena kuti akuopa. Akakhala m'bwato limodzi ndi anyamata a m'mbali mwa nyanja amene anayamba kubira asanayambe sukulu, kapena ndi alendo ochokera kunja, amameza mantha ake n'kupanga chizindikiro chakuti zonse zili bwino pamene sizili bwino. Limeneli ndi bodza loopsa, chifukwa mnzake ndi mphunzitsi amadalira chizindikirocho. Zizindikiro za manja zilipo kuti choonadi chinenedwe msanga. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zikapanga bwalo, zonse zili bwino. Chikhatho chikagwedezeka uku ndi uku, pali vuto, ndipo munthu amaloza pamene pali vutopo, kaya khutu, kaya chifuwa. Dzanja lodutsa pakhosi likutanthauza kuti mpweya watha. Chala chachikulu choloza kumwamba chikutanthauza kuti ulendo watha, tikwere, ndipo chimenechi sichitsutsidwa. Pakati pa madaiva pali mwambo wakuti aliyense angathe kuthetsa ulendo nthawi iliyonse pa chifukwa chilichonse, osafunsidwa mafunso onyoza. Banja limene linagulitsa nandolo lidzalima wina chaka chamawa, ndipo palibe ndalama ya fizi imene imakakamiza mwana kutsika tsiku limene mtima wakana. Mantha anenedwe m'bwato, zida zisanavalidwe, chifukwa mphunzitsi amene wauzidwa amayenda pafupi ndi wophunzirayo n'kusankha malo osaya.

Kukwera kuli ndi liwiro lake. Malire akale ndi mamita 18 pa mphindi, ndipo makompyuta ambiri a pamkono amafuna mamita 9 kapena 10. Pa mamita 5 daiva amaima mphindi 3. Pokwera mpweya wa m'jekete umafufuma n'kuyamba kumunyamula mofulumira, choncho amautulutsa pang'onopang'ono, dzanja lina lili m'mwamba, maso akuyang'ana mabwato. Ngati mpweya wathadi, mnzake ali ndi regulator yachiwiri yopatsa wina, ndipo n'chifukwa chake awiriwo satalikirana kupyola pamene angafikirane ndi mpweya umodzi. Akavuuka, ntchito yoyamba ndi kupopa jekete mpaka litamunyamula. Ambiri amavutikira pamwamba penipeni, atafika kale. Amavula masiki, kulavula regulator, n'kumaphiriphitha kuti mutu ukhale kunja, mafunde akuwamwetsa madzi, chonsecho jekete lili lopanda mpweya ndipo mtovu uli m'chiuno. Lamba wa mtovu anapangidwa kuti azimasuka ndi dzanja limodzi. Zikavuta atayidwe, mtengo wake ukakambidwa pagombe.

Si mantha onse amene ayenera kugonjetsedwa. Ena ndi nzeru, ndipo amasiyana ndi aja opanda maziko poti amaloza chinthu chenicheni. Mphepo ya mwera, imene imaomba kuchokera kumwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, imautsa mafunde aakulu m'kanthawi kochepa. Sitima ya Vipya inamira m'namondwe mu Julayi 1946 kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 anafa. Asodzi akanena kuti lero nyanja yaipa, daiva amvere. Ng'ona ndi mvuu zimakonda mathiriro a mitsinje ndi m'mabango, osati miyala ya madzi oyera kumene anthu amabira, komabe malo achilendo afunsidwe kwa eni dera. Maukonde otayika amene akodwa m'miyala ndi oopsa kuposa nyama iliyonse, ndiye daiva ayende ndi kampeni, ndipo akakodwa aime, aitane mnzake, asazungulirezungulire. Likodzo limatengedwa m'madzi osaya a m'mbali mwa midzi, kumene kuli nkhono zake, ndipo limachizika ndi mapiritsi a praziquantel. Nkhani za mizimu ya m'madzi zimakambidwa kunyanja monga mmene za Napolo zimakambidwira kuno, ndipo wachinyamata asanyoze eni malo pa zimene amalemekeza. Wopemphera apemphere ali m'bwato, koma akatha aone ngati silinda yatsegulidwa, ngati regulator zonse ziwiri zikutulutsa mpweya, ngati jekete likupopeka, ndiponso ngati lamba akumasuka. Awiri obira limodzi amayang'anirana zida zimenezi ulendo uliwonse.

Thupi lodwala limaitana mantha. Chimfine chimatseka njira za m'makutu, ndipo wodwala chimfine asabire. Wongochira malungo adikire mphamvu zibwerere. Mowa ndi chamba zimaoneka ngati zolimbitsa mtima, koma zimachedwetsa maganizo pa nthawi imene akufunika kwambiri, ndipo matsire amaumitsa thupi. Sukulu iliyonse imapereka fomu ya mafunso a zaumoyo, ndipo iyankhidwe moona. Mphumu, khunyu, matenda a mtima, ndiponso chifuwa chachikulu chimene chinachira koma n'kusiya zipsera m'mapapo, zonsezi zimafuna kuti dokotala aone kaye, chifukwa chipsera chikhoza kutsekera mpweya pokwera. Pali anthunso amene mantha amawagwera mwadzidzidzi ngakhale pamtunda, mtima kugunda ndi thukuta popanda chowaopsa. Otere akambirane ndi dokotala asanayambe, ndipo asamwe mankhwala ogonetsa mtima mwa okha pofuna kubira.

Mwa ambiri mantha amachepa ndi kuzolowera, ngakhale satheratu, ndipo kanthumanzi kotsalako kamathandiza munthu kuyang'ana zida zake kawiri. Kulemba m'kabuku ulendo uliwonse, kuya kwake, nthawi yake, mpweya wotsala ndi chimene chinaopsa, kumasonyeza poyera kuti mpweya ukutha mochedwa kuposa kale ndipo zoopsa zikuchepa. Munthu akachita mantha kwambiri tsiku lina, abwerere pamadzi osaya ndi mphunzitsi msanga, asadikire miyezi, chifukwa mantha osiyidwa amamera mizu. Koma alipo ena amene amayesa moona mtima kwa nthawi yaitali ndipo mantha sasuntha. Amenewa asiye, ndipo palibe chochititsa manyazi. Pagombe pali ntchito yoyendetsa bwato, yodzaza masilinda, yokonza zida ndi yoperekeza alendo osambira pamwamba.

Chotsala ndi ulendo wobwerera kumudzi, umene uli ndi lamulo lake. Daiva akakhala pansi, nayitrojeni wa mu mpweya amalowa m'magazi ndi m'minofu, ndipo amatuluka pang'onopang'ono kwa maola ambiri atavuuka. Akakwera msanga, kaya m'madzi kaya pamtunda, nayitrojeniyo amapanga thovu m'thupi, munthu n'kudwala. Matebulo oyamba oletsa matendawa anawakonza John Scott Haldane mu 1908, ndipo a masiku ano amawerengera munthu amene ali pa msinkhu wa nyanja yamchere. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470, ndipo malo alionse opitirira mamita 300 amafuna kuti matebulo kapena kompyuta zisinthidwe, zimene mphunzitsi ayenera kusonyeza. Wobira kamodzi amadikira maola osachepera 12 asanakwere ndege, ndipo wobira kangapo amadikira 18. Msewu wochoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu umakwera mpaka mamita oposa 1,200 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50, choncho minibasi ya masana omwewo ndi yosayenera kwa amene wabira m'mawa. Kukwera phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, kudikirenso chimodzimodzi. Zizindikiro za matendawa ndi kuphwanya m'mfundo za mafupa, dzanzi, kufooka kwa mkono kapena mwendo, chizungulire, zidzolo ndi kutopa kosadziwika bwino, ndipo zambiri zimayamba m'maola 24 oyamba. Thandizo loyamba ndi kugona pansi, kupuma okosijeni weniweni ndi kumwa madzi ngati munthu ali maso, osabwereranso m'nyanja. Chithandizo chenicheni chimachitikira m'chipinda chopanikiza mpweya, ndipo zipinda zotere zili kutali ndi nyanja yathu, n'chifukwa chake nambala ya foni ya bungwe la DAN Southern Africa, limene limalangiza pa ngozi za madaiva, isungidwe m'foni ndi m'kabuku. Zizindikirozi zimafanana ndi malungo, ndipo kuchipatala cha kumtunda n'zimene aliyense angayambe kuganiza. Wodwalayo, kapena womuperekeza, anene pofika pomwepo kuti munthuyu anabira ndi silinda, tsiku lake, kuya kwake ndi nthawi imene anakhala pansi.

Ndine,
Bambo ako.